Kankhanu ka a Mbewe

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Mayi ankadandaula kuti pakamwa pamenepa padzandipalamulira mlandu tsiku lina, koma m'malo mwa mlandu padandipezera ntchito, ndipo mpaka lero ndimawakumbutsa.

N'kuti matipate atazolowereka, zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto. Sukulu ndidali nditalekezera Fomu 2, ndipo ndinkakhala kwa azakhali anga pa Dedza Boma, kugulitsa mbatata ya kachewere pamene pamaima maminibasi. Tsiku lina kudabwera kudzagula bambo wamtali, wa imvi za apo ndi apo, atavala jekete lachikopa. Padalibe amene sankawadziwa a Mbewe. Bandi yawo inkaimba m'maukwati, m'maholo a sukulu ndi pamisonkhano ya ndale, chipani chilichonse chimene chawaitana, iwo sankayang'ana mtundu wa nsalu. Koma mbiri yawo yeniyeni idali makutu. Anthu ankati a Mbewe amatha kumva nsambo yotsika pagitala ali kuseri kwa nyumba.

Atanyamuka, thumba lawo lidabooka pansi, mbatata n'kumagwa imodziimodzi m'mbuyo mwawo. Ndidakuwa. Ndidakuwanso, kutchula ndi dzina lomwe. Siteji yonse idatembenuka, kupatula eni dzina. Ndidatolera mbatatazo m'chitenje, n'kuwathamangira, n'kukawaima kutsogolo ndili wefuwefu.

"Ndakuwa mpaka kukhosi kwauma! Kodi makutuwa ndi okongoletsa mutu?"

Pomwepo ndidaona kuti maso awo ali pamilomo yanga, osati m'maso mwanga. Malume anga ena ogontha ankatiyang'ana chimodzimodzi. Mawu adangondipulumuka, koma ulendo uno motsitsa: "Aa, ndiye kuti simukumva eti?"

Adayang'ana uku ndi uku. Kenaka adandifunsa kuti ndine mwana wa yani, n'kunena kuti mawa lake ndipite kwawo pamodzi ndi azakhali angawo.

Ndidapita ndikuyembekeza kukapepesa. Koma a Mbewe adauza azakhali kuti akufuna munthu wosamala zida za bandi, wosamwa mowa, wodziwa kuwerenga zilembo. Azakhali adayamba ndi kukana, ati mtsikana wa m'bandi sakwatiwa. Adafewa Mayi Mbewe atalonjeza kuti azindiyang'anira ngati mwana wawo. Azimayi awiriwo atapita kukacheza kukhonde, a Mbewe adanditengera m'kachipinda kosungira zida, n'kutseka chitseko.

Adandiuza zonse. Makutu adawadwala kudzinja lina, adatuluka mafinya, ndipo atapola adatsekeka. Zaphokoso ankamva ndithu, ng'oma ndi masipika, ndipo kuimba ankaimba ndi zala zimene zidazolowera kale njira. Koma kusiyanitsa nsambo yokwera pang'ono ndi yotsika pang'ono, kumene kudawapatsa dzina, kudali kutapita.

"Akudziwa ndi mayi akowa okha," adatero. "Tsopano ndi iwe. Wandigwira, Rozina, ndiye kuli bwino uzikhala pafupi ndizikuona. Koma umvetse: tsiku limene anyamata anga adzadziwe, gitala ndidzaipachika. Woimba wogontha angatsogolere ndani?"

Atatero adatulutsa m'thumba la jekete kachipangizo kakuda, kakakulu ngati bokosi la machesi. Adapatsidwa ndi wansembe wina wachizungu amene ankabwerera kwawo, ndipo m'Dedza monse sindikhulupirira kuti mudali kena. Kutsogolo kadali ndi kagalasi ndi batani, kumbuyo zibwano ziwiri za labala zotseguka ukafinya. Chifukwa cha zibwanozo tinkakatcha kankhanu.

Kagwiritsidwe kake ndi aka. Umakapanitsa kumutu kwa gitala, pafupi ndi makiyi opotokolera nsambo, n'kudina batani. Ukaliza nsambo, pagalasi pamatuluka chilembo chake, kaya E, kaya A, kaya D, pamodzi ndi timivi. Timivi tikaoneka kumanzere kokha, nsamboyo yatsika. Tikaoneka kumanja kokha, yakwera. Tikafanana mbali zonse, basi yafika. A Mbewe adandiuza kuti kankhanu kalibe khutu. Kamamva kunjenjemera kwa thabwa limene kaluma, n'chifukwa chake jenereta ikhoza kubangula pambali pako, iko osasokonezeka.

Kunena n'kosavuta, koma manja adatenga nthawi kuti aphunzire. Nsambo umaliza imodzi yokha, zinazo utazigwira ndi chikhatho, apo ayi zilembo zimangodumphadumpha. Umaliza ndi mnofu wa chala chachikulu, mofatsa, osati kukoka ngati ukuzula chisoso. Nsambo ikakwera mopitirira, suitsitsa kuti ifike pamalo kuchokera kumwamba. Umaitsitsa kupitirira, n'kuikweza pang'onopang'ono, kuti kiyi agwire. Ukamaliza zonse zisanu ndi imodzi umabwerezanso, chifukwa kukunga ina kumakoka khosi la gitala, inzake n'kusuntha. Nsambo yaikulu ya gitala ya bezi ndiye inkandipweteketsa mutu, kankhanu kankachedwa kuizindikira, mpaka ndidatulukira kuti ndikaikhudza pang'ono pakati penipeni n'kuiliza, imatulutsa kamawu kowonda kamene kankhanu kamagwira msanga.

Kusamala kwake nakonso kudali ntchito payokha. Labala wa zibwano ndinkamupukuta fumbi ndi kansalu kouma, chifukwa akadetsedwa amatereka ndi kukanda penti. Sindinkakasiya katapana chinthu masiku, sipuling'i imatopa. Batire lake lidali lophwatalala ngati ndalama yachitsulo, lopezeka kwa okonza mawotchi ku Lilongwe kokha, ndiye kuzimitsa ukangomaliza lidali lamulo. M'dzinja tikakhala opanda koimba ndinkachotsa batirelo, kuopa chinyezi. Nanga kuzizira kwa kwathu kuno! M'mwezi wa Juni zilembo zinkatuwa ndi kuchita ulesi. Choncho paulendo ndinkakaika m'sokosi ya mwana n'kukabisa pachifuwa, mkati mwa bulauzi, kuti kazifunda.

Tsono mvetserani momwe tidapanganirana. Pamaso pa anyamata, kankhanu kadali ka ine, wophunzira wopanda makutu. Ndinkachuna magitala onse atatu, lidi ya a Mbewe, rizimu ya Piyo ndi bezi ya Yohane. Ndikatha, a Mbewe ankabwera, kunyamula iliyonse, kupendeketsa mutu, kuliza, kukwinya nkhope, kugwira kiyi mmodzi osampotokola, kenaka n'kugwedeza mutu. "Wayesetsa." Anyamatawo, amene ankatha kuchuna ndi makutu mwa apo ndi apo, adakondwa kuti ntchito yotopetsayo yapeza kapolo wake.

Apa ndi pamene padali povuta. Kunyamula masipika sikudandivute. Thalauzi langa loyamba ndidavalira ntchito yomweyi, kuti ndizikwera lole bwino, azakhali n'kumagwira kukamwa ati matipate awononga ana. Chimene chinkandiwawa ndi Yohane. Mnyamata uja pakamwa ankalingana nane. Adandipatsa dzina loti Anankhanu, ndipo lidafala mpaka kumsika.

"Anankhanu, mungamveko kuti uyu ndi tambala kapena ng'ombe popanda kamakina kanuko?" ankatero, anzake n'kufa nazo nseko. "Taonani a Mbewe, khutu limodzi lokha ndi lokwana. Inu awiri onsewo n'ngokolekera ndolo."

Abale inu, ine Rozina, amene sindidasiyirepo munthu mawu otsiriza! Yankho linkafika pamlomo penipeni. Tsiku lina ndidafika poti, "Iwe Yohane, ukadadziwa amene…" A Mbewe adali chapatali akukulunga chingwe, atatipatsa msana, osamva chilichonse. Nditauona msana umenewo ndidameza mawu, n'kumaliza ndi zina zopanda mutu. Ndidakalirira kuseri kwa lole, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma ukali wosowa kotulukira.

Komabe ntchitoyo ndidaikonda. Bandi ikayamba, magitala onse n'kugwirizana, azimayi n'kudzuka m'mipando, ine ndinkaima kumbuyo kwa masipika ndikudziwa mumtima kuti kukomako kwadutsa m'manja mwanga. Palibe ankandiombera m'manja. Ndinkadziombera ndekha.

Tsiku lovuta lidadza m'mwezi wa Juni, paukwati m'mudzi wina kupitirira Kabwazi. Tidanyamuka m'mawa pa lole, nkhungu ili tolo, phiri losaoneka, manja ochita dzanzi. Pofika n'kuti akwati ndi anthu ambiri ali ku Misa. Tidayala zida m'chisakasa cha udzu chimene adatimangira pabwalo, anyamata n'kuyamba kulimbana ndi jenereta.

Chapambali padali moto, ndipo pamotopo padali agogo ena, a Filipo, malume ake a mkwati. Iwo ndiwo adali oimba ng'oma za chimtali cha azimayi. Ng'oma zawo adazipendeketsa kuyang'ana kumoto kuti zikopa zikungike, monga amachitira aliyense woimba ng'oma kwathu kuno. Ankati akaigogoda ndi chala, n'kuisendeza pang'ono, n'kuigogodanso. Ankandiyang'ana ndikuchuna, ndikubwereza, ndikuchunanso.

"Mwana wanga, bwanji sukumaliza? Zakukanika?"

"Azizidwa, agogo. Magitalawa akazizidwa sakhazikika."

"Hoo," adagwedeza mutu mwachifundo. "Chimodzimodzi zangazi."

Ndili mkati mochuna gitala ya a Mbewe, kudabwera azimayi awiri. Amuna a bandi adali atawatengera kale m'nyumba kukamwa tiyi, ndiye ine, mlendo wamkazi, ndimayenera kukadyera kwa akazi anzanga kuseri. Ndidati ndimalize kaye. Adati tiyi azizira. Ndidati sindili ndi njala. Wamkuluyo adaika manja m'chiuno: "Ndiye mukanene kuboma kuti kwathu kuno adakumanani?" Wina adandigwira dzanja ili, wina linali. Pakhomo paukwati sukana chakudya, ndi chipongwe kwa eni ake. Ndidangotembenuka n'kupempha a Filipo kuti andiyang'anire zidazo, ana asakhudze.

"Pita, mwana wanga. Zili m'manja mwanga."

Kuseri kuja sadandimasule msanga. Tiyi, mbatata, thobwa, ndi mafunso. Kodi thalauzilo bambo ako adaliona? Kodi mwa anyamatawo wako ndi uti? Ndidayankha onse, ndipo tidaseka kwambiri. Ndidabwerera pabwalo ndikupukuta kukamwa.

M'chisakasa mudalibe gitala ndi imodzi yomwe.

Ndidazipeza pamoto. Zonse zitatu, zitatsamira chipika, zitandandalikidwa bwinobwino pakati pa ng'oma, nkhope kuyang'ana kumakala. A Filipo adali atakhala pambali pake, akumwetulira mano onse otsalawo.

"Ndakuwothetsera moto ana akowa. Tagwira uone, afunda bwinobwino. Tsopano alankhula."

Mayo ine! Kukalipa ndidafuna, koma ungakalipire bwanji munthu wamkulu amene wakuchitira chimene amachitira ng'oma zake zimene amazikonda? Ndidangoti, "Zikomo agogo," n'kuzichotsa msangamsanga. Penti idali yotentha, ikununkha. Nsambo zidali zitalefuka zonse, iliyonse mwa njira yake. Kumutu kwa lidi kudali kankhanu kanga, kamene kadapita nawo kumoto. Galasi lake lidali bii, lakuda lonse. Ndidadina batani, ndidadinanso. Palibe chilembo, palibe muvi.

Ndidaimika magitala pamthunzi kuti azizire, kankhanu n'kukabwezera m'sokosi. Anyamata adatulukira, a Mbewe ali pambuyo. Nditawauza, Yohane adaseka mpaka kugwira mawondo.

"Kapsa? Pepani Anankhanu, maliro tikhuza mawa. Koma vuto lili pati? Eni makutu si awa? Bambo, taaonetsani ana momwe tinkachitira kale."

Nthawi yomweyo kumsewu kudamveka mahutala a galimoto ndi nyimbo. Akwati adali atatuluka m'tchalitchi. Mudzi wonse udadzuka. A Filipo adayamba kusansa ng'oma zawo, azimayi nthungululu, ana kukuwa, jenereta nayo idalola. Mwini ukwati adatumiza uthenga kuti akwati akamalowa pabwalo, bandi ikhale itayamba.

Mwina mufunsa kuti bwanji Piyo ndi Yohane sadangochuna okha. Akadatha, mwina. Koma m'bandi imeneyi mawu oyamba ankachokera kwa a Mbewe, onse n'kutsatira. Iwo kukana, kapena kupatsira mnyamata, funso likadabwera lokha: nanga eni makutu atani?

A Mbewe adanyamula gitala yawo. Adapendeketsa mutu monga mwa masiku onse, n'kuliza. Koma ulendo uno kiyi adayenera kumpotokola zenizeni. Adapotokola. Nsambo idakwera, idafika pamalo pake, ngakhale ine ndidamva kuti yafika, koma iwo adapitiriza. Idayamba kulira mowawa, pafupi kuduka. Piyo adayang'ana Yohane. Nseko ya Yohane idazima. Ndidaona a Mbewe thukuta lili pamphumi m'kuzizira konse kuja. Adakweza maso n'kundiyang'ana. Bambo wamkulu ngati uja, kundiyang'ana ine wogulitsa mbatata mwa mtundu umenewo!

Mutu wanga udathamanga. Kankhanu kafa. Kankhanu kankatani kuti kamve m'phokoso ngati ili? Kalibe khutu. Kamaluma thabwa.

Sindidaganize kawiri. Ndidatsomphola gitala ya Piyo, n'kuika mutu wake pakati pa mano anga, n'kuliza nsambo. Ee! Mawu adadzaza m'mutu monse, oyera, aakulu, ngati gitalayo ikulira mkati mwa chigaza. Ng'oma ndi jenereta zidatsalira kunja.

"Taonani, akudya gitala!" adakuwa mwana wina. Anthu amene adali pafupi adaphulika nseko. "Sanakhute kukhitchini!" Mayi uja wa manja m'chiuno adagwira kumutu.

Ndidachotsa mkamwa n'kukuwa kuti anyamata amve: "Phokoso ili palibe khutu la munthu lingamve kanthu! Apa n'kuluma basi!" Kenaka ndidaima patsogolo pa a Mbewe, pafupi, kuti aone milomo yanga. "Bambo, lumani. Ngati kankhanu."

"Ine? Pa anthu?"

"Andiseka kale ine. Nseko zatha."

Adayang'ana kumsewu kumene fumbi linkayandikira. Kenaka adavula chipewa, adapatsa Piyo, n'kuwerama, n'kuluma mutu wa gitala yawo. Ine ndidaigwira kuthupi, n'kuliza nsambo yaikulu.

Zimene ndidaona pankhope ija sindidzaiwala. Maso adatong'oka. Adakankha dzanja langa n'kuliza okha. Adalizanso. Kenaka adatsinzina, ndipo madzi adatsika m'masaya mpaka pathabwa. Anthu ankayesa ndi utsi wa moto wa a Filipo. Ine ndekha ndidadziwa kuti bambowa akumva gitala yawo bwinobwino koyamba chidwalire makutu aja.

Sadachedwe nazo. Mano ali pathabwa, adayamba kung'ung'udza pakhosi mawu amene nyimbo yawo yolandirira akwati imayambira, mawu amene adawasunga m'mutu kuyambira ine ndisadabadwe. Adapotokola kiyi wa nsambo ya A mpaka idakumana ndi mawuwo. Zotsalazo tidagawana ntchito. Ine ndinkakanikiza nsambo pafuleti yachisanu, kamzere kachitsulo ka pakhosi pa gitala, n'kuiliza pamodzi ndi inzake yotsatira, iwo n'kumapotokola mpaka ziwirizo zitasiya kukangana. Akakhutira ankakweza chala, ine n'kupita pa ina. Pofika pa B adandimenya padzanja, chifukwa m'changu ndidali nditaiwala kuti imeneyo imafuna fuleti yachinayi. Tidamaliza lidi. Tidatenga rizimu. Bezi ndi yaitali khosi, ndiye Yohane mwini wake adaigwirizira.

Galimoto ya akwati idaima. Mkwatibwi akutsitsa phazi, a Mbewe adapukuta kukamwa ndi mkono wa jekete, adavala chipewa, n'kugwedezera mutu wa madiramu.

Ndamvapo bandi ija kambirimbiri, koma ngati tsiku limenelo ayi. Bambo aja ankaimba ngati abwezeredwa unyamata. Magitala ankapitiriza kuzizira, ndiye nsambo zinkakwera pang'onopang'ono, ndipo pakati pa nyimbo iwo ankangowerama, kuluma, kukonza, osachitanso manyazi. Anthu adayesa ndi sitayilo yatsopano yochokera kutauni. Pofika masana ana onse a m'mudzimo adali akuluma timitengo n'kumavina. A Filipo adandipeza kumbuyo kwa masipika n'kundigwira paphewa.

"Wamva mmene akulirira? Moto, mwana wanga. Chinthu chilichonse chimafuna moto."

"Zoona agogo," ndidatero. Ndikadanenanji?

Nthawi ya chakudya ndidatulutsa kankhanu kuti ndikaone komaliza. Kuda kuja kudali kutayamba kuchoka m'mbali mwa galasi. Ndidakasiya pamthunzi, ndipo patapita kanthawi zilembo zidabwerera. Kadali katangokomoka ndi kutentha! Ndidakapsompsona, ndikunena zoona. Mwakachetechete ndidayesa magitala aja. Onse atatu adali otsika pang'ono kwambiri, koma otsika mofanana, nsambo iliyonse. Nditawaonetsa a Mbewe, adayang'ana timivito n'kufwenthera pambali.

"Kankhanu kakoko ndiko kakwera."

Tidanyamuka dzuwa likadalipo. A Mbewe nthawi zonse ankakhala kutsogolo ndi dalaivala, koma tsiku limenelo adakwera kumbuyo, n'kukhala pa sipika pakati pathu. Tidayenda ndithu, lole ikutigwedeza m'mabampu, minda ya mbatata ikudutsa. Mtima wanga udali m'mwamba, chifukwa ndidaona mmene Piyo ndi Yohane ankapewera kuwayang'ana. Nsambo ija yotsala pang'ono kuduka adaimva onse.

"Anyamata," adayamba a Mbewe, mokweza monga amalankhulira anthu osadzimva bwino. "Mwakhala mukumuseka mwanayu kuti alibe makutu. Wopanda makutu ndine. Adatseka kalekale. Magitala onse amene mwaimba chibwerere iyeyu, wachuna ndi iye. Ine ndimangogwira makiyi kukunamizani. Iye amadziwa, ndipo mwamunyoza, osatsegula pakamwa. Pakamwa pamenepa mukupadziwa."

Ine ndidayang'ana mapazi anga.

"Ndidalumbira kuti tsiku limene mudzadziwe, gitala ndidzaipachika. M'mawa muja ndikadaipachika. Koma lero ndaimva." Adaisisita pachikwama chake. "Sindiipachika. Amene sakufuna kutsogoleredwa ndi wogontha, pamphambano apo lole iima, atsike. Sindimusungira mangawa."

Pamphambano lole idaimadi, chifukwa a Mbewe adagogoda padenga. Injini inkangolira. Mayi wina wogulitsa tomato adathamangira kudzatitsatsa, n'kubwerera ataona nkhope zathu. Piyo adasuntha, ine n'kuyesa akutsika, koma ankangokonza mwendo umene udachita dzanzi. Kenaka Yohane adadzuka pamene adakhala, adadzagwada patsogolo pa a Mbewe kuti aone milomo yake, n'kunena pang'onopang'ono:

"Bambo, mukadatiuza. Ife tikadamaima kutsogolo kwanu polankhula." Adagogoda padenga. "Adalaivala, tiyeni!"

Atatero adatembenukira kwa ine, chipewa chili m'manja. "A Rozina, mundikhululukire."

A Rozina! Ndidali ndi mawu a miyezi yonse ija, osanjikizana, okonzeka. Koma ndidangokwanitsa kunena kuti, "Ndikukhululukira ukanyamula masipika wekha mpaka mvula igwe." Ndipo adanyamuladi.

Kuyambira tsiku limenelo sewero la kupendeketsa mutu lidatha. Ndinkachuna poyera, a Mbewe n'kumauza aliyense wofunsa kuti, "Makutu a bandi ino ndi awa." Kankhanu kadagwira ntchito zaka zina zingapo mpaka sipuling'i idathyoka, koma pagitala sikadatsalenso ndili kutali, ngakhale andiitanire thobwa la mtundu wanji. Ndipo paukwati uliwonse wakumudzi, chinthu choyamba chimene ndinkayang'ana tikatsika lole ndi pamene pali moto ndi amene wakhala pamotopo.

Masiku ano tinkhanu tili paliponse, achinyamata a kwaya amene ndimawaphunzitsa ku parishi aliyense ali ndi kake. Ndimawaphunzitsa kupukuta labala, kuzimitsa, kukweza nsambo kuchokera pansi. Koma ndisadawalole kudina batani, ndimawafunsa kaye kuti kachipangizoko kamamva bwanji. Kuwerenga timivi aliyense angathe. Chimene chidatipulumutsa tsiku lija n'chakuti ndinkadziwa chimene chida changa chimachita, ndiye chitafa, ntchito yake sidafe nacho.

A Mbewe adaimba mpaka zala zidayamba kuwakanika. Mayi Mbewe ankandiuza kuti masana ambiri ankawapeza pakhonde okhaokha, gitala ili pamano, maso otsinzina, akudziimbira nyimbo zimene wina aliyense sankazimva. Bambowo atamwalira, amayiwo adanditumizira gitalayo. Kumutu kwake penti idatha, ndipo pathabwa pali timaenje ta mano, m'mwamba ndi m'munsi. Kalipentala wina adandiuza kuti akhoza kupala pamenepo n'kupaka vanishi, ioneke yatsopano. Ndidamuuza kuti akapale zitseko. Ndikawasowa bambo aja ndimatseka chitseko, kuika mano anga m'timaenje tawo, n'kuliza nsambo ya A.